Mawu a Ndani pa Kaseti ya Makombola?

Chicago, 8 Malichi 1998

Wokondedwa Royce,

Moni mlongo wanga. Ndikhulupirira kuti nonse ku famu muli bwino, iweyo, mlamu wanga Twila ndi a Bambo. Ine kuno ndilipo, kungoti mu ofesi yathu ya inshuwalansi mwalowa chimfine ndipo ndikungoyembekezera tsiku langa.

Unena kuti chipale chofewa sichinasungunuke n'komwe, 4 Julayi, tsiku la ufulu wa dziko lino, ili kutali. Siili kutali. Ndayamba kale kukonza kaseti ya makombola a chaka chino. Nyimbo ndasankha zisanu, yotsekera ndi ya malipenga ija ankaikonda malemu Mayi. Ndichita monga mwa nthawi zonse: mbali imodzi ya kaseti ipita ku masipika kuti alendo azimva nyimbo, mbali inayo ipita ku mahedifoni a Bambo, ya mawu anga okha, yowauza nthawi yokhudza msomali uliwonse pa thabwa lawo ndi waya wa ku batire uja, kuti kombola lake liyake. Ndikukukumbutsa, ngakhale ukudziwa, kuti kombola siliphulika pomwe layatsidwa, limayamba lakwera. N'chifukwa chake mawu anga amatsogola, ng'oma n'kubwera pambuyo, kuti ikamalira kumwamba kuzikhala kukung'ambika. Choncho ndikufuna kuti ukagula makombola uyatse limodzi la mtundu uliwonse, wotchi ili m'manja, unditumizire nthawi imene limatenga pokwera. Usachite kuyerekeza ndi mutu ngati chaka chija.

Tsopano nkhani imene yandisowetsa tulo. Vidiyo ya chaka chatha ndaionera kambirimbiri. Royce, chionetsero chija chinali chochedwa. Alendo sanazindikire chifukwa anali atakhuta nyama ndi mowa, koma ine ndikuona. Ng'oma ikulira, kumwamba kuli zii, kenako kombola likubwera lokha ngati mlendo wofika anzake atadya. Pa nyimbo ya Mayi msomali umodzi unadumphidwa. A Bambo akhala akugwira waya uja kuyambira ndili ku koleji ndipo sanachedwepo. Ine mawerengero anga ndawabwereza, alibe vuto. Ndiye chatsala n'chiyani?

Undiuze zoona. Makombola aja unakagula kusitolo kwathu kuja, kapena kwa mkulu wa tenti wa m'mbali mwa msewu, amene katundu wake amagona pa chinyezi?

China. Ndikaimba foni, a Bambo amangoti, "Eya, eya, nayu Royce." Zachitika kuyambira Khirisimasi. Kodi ndinawalakwira? Kapena sakumva bwino m'thupi ndipo mukundibisira?

Undiyankhe sabata yomwe ino.

Ndine mlongo wako,
Corinne


Ku famu, Indiana, 29 Malichi 1998

Achemwali,

Kalata yanu inafika, yolemera ngati thumba la feteleza. Tonse tili bwino. Ndachedwa kuyankha chifukwa ng'ombe zikubereka ndipo imodzi inativuta.

Makombola ndinagula kusitolo komweko. Mukafuna, ndikutumizirani makatoni ake muziwanunkhiza. Madala sakudwala, dzana anakwera okha padenga la shedi, ine ndikuwakalipira. Za foni mukuwadziwa, sanaikondepo.

Mbali yanu ya ndalama muitumize msanga, amatsitsa mitengo mpaka kumapeto kwa Epulo kokha. Muwonjezereko pang'ono za waya, wakale uja mbewa zamudya.

Pali kanthu kamodzi. Chaka chino nyimbo musankhe ndinu, masamu muchite ndinu, zonse monga kale. Koma mbali ya mahedifoni ija muisiye yopanda kanthu. Munditumizire pepala la manambala, mawu ndidzajambula ine kuno. Si nkhani yaikulu, ndikungofuna kukupeputsirani ntchito. Inu ndi anthu otanganidwa, mabwana a m'tauni.

Twila akupereka moni. Akuti musabweretsenso chozimitsira moto china, zili kale zinayi ndipo chimodzi akutsekulira chitseko.

Royce


Chicago, 3 Epulo 1998

Royce,

Moni. Cheke chili m'katimu. Ndasangalala kumva kuti a Bambo akukwera padenga, ngakhale sindikumvetsa kuti munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri mukumulola bwanji kukhudza makwerero.

Kundipeputsira ntchito? Iwe? Royce amene unkabisala m'chimanga ikakhala nthawi yotsuka mbale? Ndakhala ndi kalata yako masiku awiri, ndikuitembenuza uku ndi uku, ndipo chiganizo chimenecho sichikulowa m'mutu mwanga.

Ukudziwa bwino kuti kuno lamulo sililola kuphulitsa ngakhale kakombola kakang'ono, ndipo nyumba yanga ilibe bwalo. Mapaipi oikamo makombola amakhoma ndiwe, waya amagwira ndi a Bambo, nyama amaotcha ndi Twila. Changa pa tsiku limene lija ndi mawu okhawo. Kwa mphindi makumi awiri pa chaka, a Bambo amamva ine ndekha ndipo amachita zimene ndanena. Ndiye iwe ukuti si nkhani yaikulu.

Anayambitsa ndani maganizo amenewa? Ngati ndi Twila, unene, sindikwiya. Ndikudziwa kuti amati ndimalamula kwambiri. Ndamvanso m'maluwa kuti mwezi watha kunabwera anthu awiri ndi zoyezera malo, n'kumazungulira munda wa kuseri kwa nyumba, pomwe timaika mapaipi. Iwe m'kalata yako sunatchulemo. Ankayeza chiyani? Anawatuma ndani?

Lamlungu ndinaimbanso. Ndikulembera mmene zinayendera kuti usadzati ndikuwonjezera.

"Halo?"

"Bambo, ndine Corinne. Mwaswera bwanji?"

"Halo? Ndani?"

"Ndine Corinne, Bambo!"

"Eya. Chabwino. Royce ali kunja." Basi foni n'kudula.

Ndimati ndiimbenso, koma mzere unali utagwidwa. Madzulo ake ndinalankhula ndi amalume a Vernon, iwo n'kundiuza kuti anacheza ndi a Bambo pafoni masana omwewo, nkhani ya mitengo ya soya, mpaka khofi wawo anazizira. Ndiye foni amadana nayo akamaimba ndani?

Mawu a pa kaseti sindikusiyira mpaka ndimve kuchokera kwa a Bambo eni ake. Ndawalembera kalata yawoyawo. Ndikupempha kuti iwapeze isanatsegulidwe.

Corinne


Ku famu, 19 Epulo 1998

Mwana wanga Corinne,

Moni. Kalata yako ndalandira, inali yomata bwinobwino, usadandaule. Ine ndili bwino. Nthaka idakali yonyowa, chimanga tibzala mochedwa.

Za kaseti, chita mmene wanenera mlongo wako. Ndi zabwino choncho.

Usamavutike ndi kuimba foni, ndi kuononga ndalama. Uzilemba makalata. Umalemba bwino ngati mayi ako.

Bambo ako,
Lyle Brubaker


Chicago, 10 Meyi 1998

Royce,

Moni kwa nonse. Kalata yanga ya mu Epulo sunaiyankhe. Mwina ng'ombe zikuberekabe.

Ya a Bambo ndalandira. Ndi dzanja lawo, sindikukana. Koma a Bambo akalemba za makombola amadzaza mapepala awiri, amajambula ndi zithunzi m'mphepete, amatsutsa nyimbo zanga imodziimodzi. Iyi ndi mizere isanu ndi umodzi. "Chita mmene wanenera mlongo wako." Chibadwire sindinawamvepo a Bambo akuuza munthu kuti amvere iwe. Unaima pambali pawo akulemba?

Ntchito yanga ndi yoona mapepala a anthu, tsiku ndi tsiku, ndipo ndinaphunzira kuti munthu akayamba kuyankha mwachidule pamakhala chimene wakhalira. Ndimaziona kuntchito: nkhalamba yokhala ndi malo, mwana mmodzi ali pafupi, wina ali kutali. Wakutaliyo amayamba wachotsedwa pa tinthu ting'onoting'ono, kenako amadzangomva kuti mapepala anasainidwa kale. Sindikunena kuti iwe ndi wotero. Ndikunena kuti ukundisiya ndekha ndi maganizo anga, ndipo ukuwadziwa mmene alili.

Nthawi za makombola ndalandira, zikomo, ngakhale pepalalo linali ndi mafuta a injini. Mtundu wofiira uja uyesenso, sindikukhulupirira kuti umakwera msanga chotero.

Kaseti ndiijambula monga mwa masiku onse, ndi mawu anga. A Bambo akafuna kuikana, adzaikane ndili pomwepo.

Corinne


Chicago, 7 Juni 1998

Royce,

Sindiyamba ndi moni.

Dzulo ndinabwera. Inde, katoni imene mwaipeza pakhonde ndinasiya ndine. Ndinanyamuka m'mamawa osauza munthu, chifukwa ndimafuna kuona mmene kumakhalira ine ndisakuyembekezeka. Galimoto ndinaisiya kumsewu.

A Bambo ndinawapeza pakhomo la shedi, atakhala pa ndowa yovundikira, thabwa la misomali lili pamiyendo, akupota mawaya. Anali atandipatsa msana. Mtima wanga unafewa nditawaona, khosi lawo lapsa ndi dzuwa, chipewa chomwe chija. Ndinaima pafupi moti ndikanatha kuwerenga manambala a pa misomali.

Ndinati, "Bambo."

Zii.

Ndinati, "Bambo, ndine Corinne, ndabwera ndi kaseti."

Anapitiriza kupota waya. Ndinaitana kachitatu, mokweza moti galu anatuluka pansi pa ngolo n'kudzandinunkhiza. Iwo anatambasula dzanja n'kutenga pulayala.

Nthawi yomweyo iwe unakuwa kuchokera kukhola, kutali uko, sunandione. Unati, "Madala! Sipanala yaikulu ija mwaiika pati?"

Iwo pompo, osadzutsa n'komwe mutu: "Pa mpando wa thirakitala, wakhungu iwe! Ukufuna ikulume?"

Iwe n'kuseka, iwonso n'kuseka.

Usaone ngati ndine wopusa, za makutu ndinaziganizirapo kale. Ndinaziganizira mu Epulo, ndinaziganiziranso nditaima pamenepo. Koma munthu wogontha amamva bwanji mawu ochokera kukhola, n'kulephera kumva a munthu amene ali kumbuyo kwake? Amacheza bwanji ndi amalume a Vernon pafoni? Amamva bwinobwino. Asankha woti azimumva.

Unena kuti bwanji sunazungulire n'kukaima patsogolo pawo. Ndinaopa nkhope imene ndikanaiona. Ndinabwerera chamsana ngati wakuba pakhomo pomwe ndinabadwira, ndinaika katoni pakhonde, n'kuyendetsa mpaka kuno osaima. Pa malo omwetsera mafuta ndi pamene ndinazindikira kuti sindinadye.

Sindikudziwa chimene unawauza za ine, kapena chimene Twila anawauza. Ngati ndi nkhani ya munda, utenge, sindinaufunepo. Ngati ndi chifukwa choti sindinakhalitse pamaliro a Mayi, ukudziwa kuti kuntchito anandikaniza, ndipo tinakambirana n'kuthana. Kaseti ili m'katonimo. Uchite nayo zimene ukufuna. Pa 4 Julayi musandiikire mbale.

Corinne


Ku famu, 10 Juni 1998

Achemwali,

Mwayenda ulendo wonsewo kudzalankhula ndi galu basi?

Twila anaona galimoto yanu ikukhota, anathamanga ndi supuni m'manja, inu mwapita. Anthu oyeza malo aja ndi a mipope yochotsa madzi m'munda, chifukwa kuseri kuja kumadikha. Ndi zomwezo. Munda wanuwo palibe akuufuna, ngakhale chimanga chomwe sichiufuna.

Kunditcha wakuba ndakukhululukirani, poti ndinu akulu. Koma ndikuuzeni zimene munasiya kuno. Madala anapeza katoni, anatsegula, anaona kaseti ndi dzina lolembedwa ndi dzanja lanu. Anandifunsa kuti, "Wabwera ndi wa positi?"

Ndinati, "Wa positi sabwera ndi chozimitsira moto."

Anatsika pakhonde n'kuyamba kutsata mapazi anu m'matope, ngati akusaka gwape. Anawatsata mpaka pakhomo la shedi, kumbuyo kwa ndowa yawo. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anati, "Anandiitana?"

Ndinati, "Mmene ndimawadziwira achemwali, anaitana katatu, n'kulemba nthawi yake."

Sanaseke. Chakudya chamadzulo sanadye.

Ine ndinalumbira chaka chatha kuti sinditsegula pakamwa, ndipo ndasunga lumbirolo mpaka mwandisandutsa chigawenga. Dzulo itafika kalata yanu ndinawawerengetsa yonse, ndi za maliro zomwe. Ndinawauza kuti, "Madala, mulemba ndinu kapena ndilemba ndine, koma wa positi sachoka pano chimanjamanja." Akhala patebulo kuyambira m'mawa. Mapepala atatu ang'amba kale.

Mbale yanu tiika. Mukapanda kubwera adya ndi galu, poti mwagwirizana.

Royce


Ku famu, 10 Juni 1998

Mwana wanga Corinne,

Moni. Royce sali pambali panga, ndamuthamangitsira kukhola.

Sindikumva mawu ako. Ndi nkhani yonse imeneyo. Sindinakukwiyire, palibe anandiuza kanthu. Mawu akowo ndi amene sakufika.

Zinayamba ndi mbalame. Tsiku lina ndinaona mbalame pa waya wa magetsi, kukamwa kuli yasa, ine osamva kanthu. Kenako ketulo inasiya kuimba mluzu. Kenako kutchalitchi azimayi akamaimba ndinkangoona milomo. Royce ndimamumva, Vernon ndimamumva, thirakitala ndimaimva, chifukwa zonsezo zimalira pansi. Twila anaphunzira kumenya tebulo asanalankhule, ndipo ndimamuyang'ana pakamwa.

Chaka chatha nditavala mahedifoni, nyimbo itayamba, ndinadikira kuti unene nambala yoyamba. Ndinangomva ngati kamphepo kakudutsa pa udzu. Ndinaganiza kuti waya waduka. Ndinayang'ana Royce, iye akundikodola kuti yatsani, yatsani. Chionetsero chonse chija ndinayatsa potsata ng'oma imene ndinkaimva m'mapazi, n'chifukwa chake chinkachedwa. Masamu ako analibe vuto. Makombola a Royce analibe vuto.

Titakolola Royce anandikokera kwa dokotala wa makutu. Dokotalayo ananditsekera m'kachipinda n'kundiuza kuti ndizikweza dzanja ndikamva kulira. Ndinakhala manja ali pamiyendo, ndikudikira kuti ayambe, osadziwa kuti anayamba kalekale. Akuti mawu okwera ndi amene amayamba kuthawa, ndipo sabwerera. Anandigulitsa tizida toika m'makutu. Timalira ngati udzudzu, tili m'dilowa ya masokosi.

Zoti mawu a pa kaseti akhale a Royce ndinaganiza ndine. Ndinamuletsa kukuuza chifukwa chake pa zifukwa ziwiri. Choyamba, ndimakudziwa. Ukanati makombola ndi amene andigonthetsa, mwina n'zoona, ndipo ukanabwera ndi mabuku n'kutseka chionetsero chonse. Ine chimene chanditsalira choyembekezera pa chaka ndi chimenechi. Chachiwiri, munthu umamuuza bwanji mwana wako kuti mwa anthu onse, amene wasowa m'makutu mwako ndi iyeyo? Ukaimba foni ndimadziwa kuti ndiwe chifukwa cha kuchetechete kwakeko. Ndimaima ndi foni kukhutu, ndikudziwa kuti ukulankhula, manyazi n'kundigwira, n'kuitana Royce.

Loweruka unaima kumbuyo kwanga, ine ndikupota waya. Zimenezo zindiwawa mpaka kale.

Kaseti yako ndaiyesa, ndakweza mpaka pamapeto. Kamphepo komwe kaja. Ngati ukufuna kuti waya ndimusiyire Royce chaka chino, unene, ndimusiyira. Koma ubwere.

Bambo ako


Chicago, 21 Juni 1998

Okondedwa Bambo, ndi iwe Royce poti ndikudziwa kuti uwerenga,

Moni nonse. Ndachedwa kuyankha, osati chifukwa chokwiya, ngakhale kukwiyako kunalipo. Masiku awiri oyamba ndinalira. Lachitatu ndinayamba kuwerenga kuti anadziwa ndi angati. Twila ankadziwa. Amalume a Vernon? Abusa? Wa positi? Ndikuganiza kuti tauni yonse inkadziwa, kupatula amene ntchito yake ndi kuona ngozi isanafike. Royce, mawu aja a za munda ndawabweza. Mlamu, pepani.

Bambo, munalondola, mabuku ndakatenga. Ndakhala ku laibulale madzulo onse sabata ino, ndipo ndinapita kukaonana ndi katswiri wa makutu kuno. Chionetsero sinditseka. Koma Royce aima pambali panu dzanja lili pa batire, kuti wina akakuwa kuti imani, achotse waya pompo. Pamwamba pa mahedifoni muvala zotchinga makutu. Tizida tija tituluke m'masokosi, ndikabwera tipita limodzi akatichune. Izi si zokambirana.

Tsopano kaseti. M'phukusimu muli ziwiri.

Yoyamba ili ndi nyimbo zokha, mbali ya mahedifoni ndi yopanda kanthu monga munafunira, ndipo pepala la manambala lili pomwepo. Royce, uzitchula nambala yokha, osaikamo nthabwala.

Yachiwiri ndikupempha kuti muyambe mwaiyesa. Kuntchito kuli mnzanga woimba m'kagulu ka magitala, ali ndi makina ojambulira amene amathamangitsa tepi kuwirikiza kawiri. Ukajambula mawu tepi ikuthamanga, n'kuimvera pa liwiro la masiku onse, mawu amatsika pansi. Ndinabwereka makinawo. Kuti zitheke ndinayenera kugawa pakati nthawi zonse, n'kumatchula manambala mothamanga ngati wogulitsa ng'ombe pa okushoni. Ndinabwereza usiku unayi, mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anagogoda kudzafunsa ngati ndasunga mwamuna wodwala.

Katswiri uja anati mwina zigwira ntchito, mwina ayi, makutu amasiyana. Sanafune kulonjeza, ndipo ndinamulemekeza chifukwa cha zimenezo. Muiyese masana, opanda kombola ngakhale limodzi. Royce, ulumikize timababu ku misomali, uone ngati tikuyaka pa nthawi yake. Mukaphonya ngakhale pang'ono, Bambo, musandinamize pofuna kundisangalatsa. Mutenge yoyambayo, mawu akhale a Royce, ine ndidzakhala pa mpando ndi alendo ndipo sindidzadandaula. Pena ndidzadandaula pang'ono.

Musaseke mukamaimvera. Ndikudziwa mmene ikumvekera.

Mundiyankhe msanga, mtima uli m'mwamba.

Mwana wanu,
Corinne


Ku famu, 26 Juni 1998

Mwana wanga Corinne,

Moni. Phukusi linafika Lachitatu. Chimanga chafika m'mawondo, mvula inagwa yabwino.

Unati tisaseke. Ine sindinaseke. Royce anaiika kaye m'wailesi ya m'khitchini, itangoyamba anagwa pampando. Akuti, "Madala, achemwali ameza chule!" Twila anamumenya ndi nsalu ya mbale, koma naye misozi inali mbwee. Akuti ukumveka ngati nkhunzi imene yagwera m'chitsime ndipo ikuwerenga njerwa. Galu anauwa wailesi n'kuthawira panja.

Kenako tinapita kushedi. Royce analumikiza timababu monga unanenera, anakhala ndi pepala lako ndi pensulo, nkhope ataiumitsa ngati woyesa mayeso a galimoto. Ndinavala mahedifoni, n'kugwira waya.

Ndinamva "Wani."

Ndinakhudza msomali, babu n'kuyaka. Ndinamva "Thuu." Tinapita choncho mpaka nyimbo ya mayi ako, mpaka msomali womaliza. Royce akuti sindinaphonye. Ndinamuuza kuti tibwereze, ndipo ayang'anitsitse, chifukwa iwe udzamufunsa ngati kukhoti. Tinabwereza. Kaseti yopanda mawu ija waiika m'galimoto mwake, akuti nyimbo zako chaka chino ndi zabwinoko.

Royce ndi Twila akuti si mawu ako. Ine ndikuti ndi ako. Umakoka mpweya usanatchule nambala iliyonse, ngati ukuopa kuti ikuthawa. Unkatero uli wamng'ono ukamawerenga mazira.

Sindikudziwa ngati ukudziwa kuti makina aja sunawazimitse msanga. Nyimbo itatha, Royce atayamba kukulunga mawaya, ine mahedifoni ndinali ndisanavule. Panali kachete, kenako mpando unalira, kenako nkhunzi ija inausa moyo n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Kaya mukundimva, Bambo. Kaya."

Royce anandifunsa kuti, "Madala, mwatani?" Ndinamuuza kuti fumbi la m'shedi.

Ndikukumva, mwanawe.

Ubwere Lachinayi, usadikire Loweruka, ndipo galimoto udzaiimike pakhomo ngati munthu. Mnzako wa magitalayo umupemphe makinawo sabata ina imodzi. Pali zambiri zimene wakhala ukundiuza chaka chonsechi, ndikufuna uzinenenso.

Bambo ako,
Lyle